IMFA YA ROBERT ENKE: KODI KUBVUTIKA MAGANIZO NDI NTHENDA KAPENA KUFOOKA MTIMA?

Pa 10 November 2009 anthu okonda mpira anadzidzimuka ndi mbiri yocokera ku Germany. Robert Enke, goalkeeper wa timu ya dzikolo ndiponso kaputeni wa timu ya Hannover 96, anali atadzipha. Anali ndi zaka 32. Masiku awiri cabe m'mbuyo mwake anali pa golo pamene Hannover inalingana mphamvu ndi Hamburg, zigoli ziwiri kwa ziwiri, ndipo oonerera sanaone colakwika ciri conse. Ambiri anali kuyembekezera kuti ndiye adzaima pa golo la Germany pa mpikisano wa World Cup wa mu 2010 ku South Africa.

Imfa ya munthu wochuka ikamveka, mkangano umabuka m'mabasi, pa msika ndi m'nyumba za m'makomboni. Wina akuti munthuyo anali wamantha. Wina akuti analodzedwa. Winanso afunsa kuti munthu wa ndalama zambiri cotero angasowe ciani. Mafunso amenewa afunika kuyankhidwa bwino, cifukwa kawiri-kawiri munthu wodwala nthenda imene inapha Enke amakhala pomwepo pamene anthu akukangana, ali cete, kumvetsera m'mene abale ake akuweruzira. Zimene amva tsiku limenelo ndizo zimamuuza ngati aulule kapena apitirize kubisa.

Nthendayi azungu amaicha depression. M'Cinyanja ndiyo nthenda ya kubvutika maganizo, ndipo ena amangoti kuganiza kwambiri.

ZIMENE ENKE ANABISA KWA ZAKA 6

Enke anabadwira mu mzinda wa Jena mu 1977. Atasewera bwino ku Benfica ku Portugal, anapita ku Barcelona mu 2002. Pa masewera ake oyamba kumeneko Barcelona inagonja 3-2 kwa Novelda, katimu kakang'ono, ndipo mlandu unagwera iye. Mu 2003 anabwerekedwa ku Fenerbahçe ku Turkey, kumene anasewera kamodzi kokha. Timuyo inagonja 3-0 ndipo masapota ake omwe anamuponyera mabotolo. M'caka cimeneco anayamba kuonana ndi Dr Valentin Markser, dokotala wa matenda a maganizo.

Cithandizoco cinagwira nchito. Mu 2004 Enke anabwerera kwao nalowa timu ya Hannover, kumene anakhala mmodzi mwa magoalkeeper opambana m'dziko lonselo. Mwana wake wamkazi, Lara, amene anabadwa ndi nthenda ya mtima, anamwalira mu 2006 ali ndi zaka 2. Enke analira maliro ndipo anapitiriza kusewera. Mu May 2009 iye ndi mkazi wake Teresa anatenga khanda lina, Leila, kuti alilere monga mwana wao. Patangopita miyezi yocepa, pamene nchito inali kuyenda bwino ndipo m'nyumba munali mwana watsopano, nthenda ija inabweranso.

Tsiku lotsatira imfayo, Teresa anaima pamaso pa atolankhani naulula zonse. Anati mwamuna wake anali kuopa zinthu ziwiri: kuti nthendayo ikadziwika adzacotsedwa m'timu, ndiponso kuti aboma adzawalanda Leila. Anatinso iwo anali kukhulupirira kuti cikondi cao cidzagonjetsa nthendayo, koma cikondi pacokha sicinakwanire. Dr Markser anafotokoza kuti Enke anakana kugonekedwa m'cipatala, ndi kuti m'masiku otsiriza anabisa kukula kwa nthendayo ngakhale kwa dokotala wake. Pa 15 November anthu pafupi-fupi 40,000 anasonkhana m'bwalo la mpira la Hannover kudzamulira.

Enke anali ndi dokotala, mkazi womukonda ndi ndalama zolipirira cipatala ciri conse. Mantha akuti anthu adzati ciani ndiwo anamulekanitsa ndi cithandizo cokwanira.

MAU ANAI AMENE ANTHU AMAKAMBA

"Anali ndi ndalama, anasowa ciani?"

Malungo, BP ndi shuga sizifunsa malipiro a munthu, ndipo kubvutika maganizo nakonso sikufunsa. Munthu angakhale ndi nyumba, galimoto ndi ana, koma nthenda nkumulanda mphamvu yokondwera nazo. Komabe sikuti iyi ndi nthenda ya olemera. Umphawi, ngongole, kutha kwa nchito ndi nkhanza za m'banja zimaonjezera ngozi yodwala nthendayi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likamba kuti anthu opitirira 700,000 amadzipha caka ciri conse, ndipo pafupi-fupi atatu mwa anai ali onse ndi a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Kusiyana kwake ndi kwakuti imfa ya wosewera mpira imalembedwa m'manyuzipepala, pamene ya wogulitsa makala wa m'komboni imangonong'onedwa pa maliro.

"Imeneyo ndi nthenda ya azungu."

Ciwerengero ca WHO ca mu 2019 cinaonetsa kuti mu Africa anthu 11 mwa 100,000 ali onse anadzipha, pamene pa dziko lonse anali 9. Ku South Africa, mu July 2018, Professor Bongani Mayosi, dokotala wamkulu wa matenda a mtima pa University of Cape Town, anadzipha ali ndi zaka 51, ndipo abale ake anaulula kuti anabvutika ndi nthendayi kwa zaka ziwiri. Mu October caka comweco woyimba HHP, amene anakambapo poyera za kudwala kwake, nayenso anadzipha. Onsewa anali anthu akuda. Cimene cimabisa nthendayi pakati pa anthu a kuno ndi m'mene wodwala amaifotokozera. Iye safika ku kiliniki ndi kunena kuti ali ndi cisoni. Amati mutu uwawa, thupi lonse liphwanya, mtima uthamanga, tulo sabwera. Amapimidwa malungo, napatsidwa Panadol, ndipo pakapita mlungu umodzi abweranso ndi dandaulo lomwelo.

"Anali wamantha ndi wodzikonda. Bwanji sanaganizire ana?"

Goalkeeper ndi munthu amene amadziponya pa mapazi a wosewera wothamanga ndi mpira. Wamantha sangagwire nchito imeneyo, ndipo sangaime pamaso pa anthu zikwi-zikwi ali kudwala. Cimene cimacitika ndi cakuti nthendayi ikakula imapotoza kaganizidwe. Wodwala amayamba kukhulupirira ndi mtima wonse kuti iye ndiye katundu wolemetsa banja, kuti sadzacira, ndi kuti ana adzakhala bwino iye atacoka. Zimenezi ndi zabodza, pakuti banja losiyidwa limabvutika kwa zaka zambiri, koma kwa wodwalayo zimaoneka zoona monga m'mene zinthu zacilendo zimaonekera kwa munthu wobwebweta ndi malungo akulu. Mau akuti "mwamuna salira" apha amuna ambiri. Akazi ndiwo amadwala nthendayi kwambiri kuposa amuna, koma pa dziko lonse amuna odzipha ndi oculuka kuposa kawiri ciwerengero ca akazi. Cifukwa cimodzi ndi cakuti amuna amacedwa kupempha cithandizo ndipo amathawira ku mowa.

"Analodzedwa," kapena "Analibe cikhulupiriro."

Anthu opemphera amadwala TB ndi shuga, ndipo palibe amene amati cikhulupiriro cao ndi cocepa. Abusa, madikoni ndi amai a cigwirizano nawonso amadwala kubvutika maganizo. Pemphero ndi kucezeredwa ndi a mpingo zimalimbikitsa wodwala, ndipo sizilimbana ndi mankhwala a ku cipatala. Ngozi imabwera pamene banja litaya miyezi likufuna-funa mfiti, kugulitsa katundu ndi kudana ndi acibale, wodwala ali kufookera-fookera m'nyumba. Ngozi ina ndi kuuza wodwala kuti ataye mankhwala poonetsa cikhulupiriro.

KODI NTHENDAYI IMAYAMBA BWANJI?

Pa nkhani imeneyi madokotala nawonso akhala akukangana. Kwa zaka zambiri odwala anali kuuzidwa kuti nthendayi imayamba cifukwa ca kucepa kwa serotonin, amene ndi mmodzi mwa madzi otumiza mauthenga m'bongo. Mu 2022 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Professor Joanna Moncrieff wa ku London linasanthula kafuku-fuku wa zaka zambiri, ndipo linati palibe umboni wokwanira wakuti kucepa kwa serotonin ndiko gwero la nthendayi. Ena atamva zimenezi anathamangira kunena kuti ndiye kuti nthendayi kulibe ndipo mankhwala ndi acabe. Kumeneko ndi kulakwa. Mu 2018 magazini ya zacipatala ya The Lancet inafalitsa kafuku-fuku wosonkhanitsa mayeso 522 a mankhwala 21 a nthendayi, ndipo onse 21 anapezeka kuti amathandiza kuposa mapiritsi opanda mankhwala. Ena amathandizidwa kwambiri, ena pang'ono. Mankhwala angagwire nchito ngakhale akatswiri asanamvetse njira yake yonse. Makungwa a mtengo umene kwinini acokera anaciritsa malungo kwa zaka zoposa 200 anthu asanadziwe kuti malungo amabwera ndi udzudzu.

Cimene cidziwika bwino tsopano ndi cakuti gwero si limodzi. Zinthu zingapo zimakumana mwa munthu mmodzi.

Coyamba ndi cibadwa. Kafuku-fuku wa ana amapasa aonetsa kuti pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ngoziyi licokera ku mtundu. Munthu amene kholo lake linadwalapo ayenera kukhala wocenjera, monga m'mene acitira a m'banja la BP.

Caciwiri ndi zokumana nazo: imfa ya wokondedwa, kutha kwa ukwati, kucotsedwa nchito, kulandidwa katundu pambuyo pa maliro, kumenyedwa, kugwiriridwa, ndi nkhanza zimene munthu anaona ali mwana.

Cacitatu ndi matenda a m'thupi. HIV, TB, shuga, sitiroko, khansa, khunyu ndi kufooka kwa cithokomiro zimayendera limodzi ndi kubvutika maganizo. Mankhwala ena, monga efavirenz wa m'gulu la ma ARV, amasokoneza tulo ndi maganizo mwa anthu ena. Wodwala asaleke yekha mankhwala otero, koma auze a ku kiliniki kuti aone ngati angasinthe.

Cacinai ndi mimba ndi ucembere. WHO ikamba kuti amai oposa mmodzi mwa 10 ali onse apakati kapena ongobereka kumene amadwala nthendayi.

Cacisanu ndi mowa ndi camba. Munthu amamwa kuti aiwale, koma mowa umakulitsa nthendayi, ndipo woledzera amacita msanga cinthu cimene sakanacita ali bwino-bwino.

Nthawi zina nthendayi imabwera popanda cifukwa cooneka, monga inabwerera kwa Enke mu 2009. Cotero kufunsa wodwala kuti "ubvutika ndi ciani pamene uli ndi zonse" kumangomuonjezera kudziimba mlandu.

KUSIYANA KWA CISONI NDI NTHENDA

Munthu ali yense amamva cisoni. Woferedwa amalira, koma pakati pa maliro amadya, amaseka mdzukulu akacita zoseketsa, ndipo masiku akamapita cisoni cimapepuka. Nthenda ya kubvutika maganizo ndi yosiyana. Imakhala tsiku lonse, pafupi-fupi masiku onse, kwa milungu iwiri kapena kupitirira, ndipo imalepheretsa munthu kugwira nchito zake. WHO inawerengera kuti mu 2019 anthu pafupi-fupi 280 miliyoni anali ndi nthendayi.

Zizindikiro zikulu-zikulu ndi ziwiri: cisoni kapena kulema mtima kosatha, ndi kusakondweranso ndi zinthu zimene munthu anali kuzikonda. Bambo amene sanali kuphonya mpira pa wailesi safunsanso kuti wapambana ndani. Mai amene anali kutsogolera nyimbo ku kwaya sapitanso. Pamwamba pa zimenezi pamakhala zina mwa izi:

1. Kusowa tulo, makamaka kudzuka 2 kapena 3 koloko usiku osagonanso, kapena kugona mopitirira.
2. Kusafuna cakudya ndi kuonda, kapena kudya mopitirira.
3. Kutopa kosatha ngakhale munthu sanagwire nchito.
4. Kuiwala-iwala ndi kulephera kusankha ngakhale zinthu zazing'ono, monga ndiwo zophika.
5. Kudziona wacabe-cabe ndi kudziimba mlandu pa zinthu zakale.
6. Kuyenda ndi kulankhula pang'ono-pang'ono, kapena kusakhazikika.
7. Kutaya ciyembekezo ndi kuganizira za imfa.

Mwa amuna ndi acinyamata nthendayi imaonekeranso mwa ukali, ndeu ndi kumwa kwambiri. Mwana wa sukulu amayamba kulephera mayeso amene kale anali kupambana. Nkhalamba imaoneka ngati yayamba kuzweta mutu. Mai wa khanda amalira-lira, saona kukoma kwa mwana wake, ndipo amaopa kuuza apongozi.

ZIZINDIKIRO ZA NGOZI

Si onse obvutika maganizo amene amadzipha, ndipo ambiri amacira. Koma banja liyenera kucitapo kanthu tsiku lomwelo likaona izi: munthu akamba kuti kuli bwino kufa kapena kuti "mudzapumula ine ndikapita"; agawa zobvala ndi zida zake za nchito; atsazika abale popanda ulendo; asunga mankhwala kapena poizoni mobisa; kapena akhala wodekha mwadzidzidzi pambuyo pa milungu ya kubvutika kwakukulu. Kudekha kotero nthawi zina kumatanthauza kuti watsimikiza mtima. Ngozi ndi yaikulu koposa kwa munthu amene anayesapo kale kudzipha.

Pali cikhulupiriro cakuti wokamba za kudzipha sacita. Cimeneci ndi colakwika, pakuti ambiri amene anadzipha anacenjezapo wina. Cikhulupiriro cina ndi cakuti kufunsa munthu za kudzipha ndiko kumupatsa nzeru yoipa. Ofufuza ayesa nkhani imeneyi kambiri ndipo apeza kuti kufunsa sikuonjezera ngozi. Odwala ambiri amapepukidwa mtima poona kuti wina wazindikira.

ZIMENE BANJA LIYENERA KUCITA

Coyamba, kufunsa mosabisa mau, pa malo a awiri, ndi mau ofatsa. Mkazi angati kwa mwamuna wake: "Atate ake a ana, ndaona kuti masiku ano simugona ndipo nsima mungoilawa. Kodi maganizo ofuna kudzipha amakubwererani?" Kholo lingati: "Mwana wanga, sindikukalipira ai. Ndiuze, kodi unaganizapo zocotsa moyo wako?"

Caciwiri, kumvetsera mpaka munthuyo atsirize. Iyi si nthawi yolalikira, yomuuza kuti alimbe mtima, kapena yomuwerengera anthu obvutika kuposa iye.

Cacitatu, kusalonjeza kusunga cinsinsi. Mutu umodzi susenza denga. Mkulu wina wodalirika m'banja ayenera kudziwa.

Cacinai, kucotsa m'nyumba zinthu zoopsa. Mankhwala a m'munda, a makoswe ndi a tizirombo, pamodzi ndi mapiritsi onse, ziyenera kutsekeredwa kapena kusungidwa kwa anansi. Mphamvu ya maganizo ofuna kudzipha imakwera ndi kutsika, ndipo nthawi zambiri imatsika pakapita maola ocepa. Ngati pa nthawi yoipayo palibe cinthu coopsa pafupi, munthuyo amapulumuka, ndipo oculuka mwa opulumuka sadzafanso mwa njira ya kudzipha.

Cacisanu, kusamusiya yekha, usana ndi usiku, kufikira ataonedwa ku cipatala. Wacibale apite naye ndipo alowe naye kwa dokotala, cifukwa wodwala angabise monga anacitira Enke.

Ngati munthu wamwa kale poizoni kapena mapiritsi ambiri, atengeredwe ku cipatala nthawi yomweyo pamodzi ndi botolo kapena paketi yake. Asamusanzitse, ndipo asataye nthawi ndi kumumwetsa mkaka kapena madzi a mcere. Apite ngakhale aoneke ngati ali bwino, pakuti mankhwala ena amaononga ciwindi mwakacete-cete pakapita masiku.

CITHANDIZO CIRIPO

Poyambira ndi pa kiliniki ya m'komboni kapena cipatala ca boma. Nesi kapena clinical officer adzafunsa mafunso ndi kupima thupi, kuti aone ngati palibe kucepa kwa magazi, HIV, shuga kapena nthenda ina. Wodwala anene zonse: tulo, mowa, mankhwala amene akumwa ndi maganizo a imfa. Anenenso ngati panali nthawi ina imene anakhala masiku angapo osagona koma ali ndi mphamvu zopitirira, kulankhula kosaleka ndi kumwaza ndalama. Imeneyo ndi nthenda ina, yochedwa bipolar, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Anthu ambiri amaopa dzina la Chainama, cipatala cacikulu ca matenda a maganizo ku Lusaka, poganiza kuti ali yense wodandaula za maganizo amatsekeredwa kumeneko. Zoona zake ndi zakuti obvutika maganizo oculuka amathandizidwa akugona kwao ndi kupita ku nchito. Ogonekedwa ndi okhawo amene moyo wao uli pa ngozi, ndipo amatuluka akapeza bwino. Mu 2019 Zambia inakhazikitsa lamulo latsopano la Mental Health Act m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda, ndipo lamuloli liteteza ulemu ndi ufulu wa odwala matenda a maganizo.

Cithandizo ciri pawiri. Coyamba ndi uphungu, ndiko kukambirana ndi munthu wophunzitsidwa nchitoyi. Ena amaupeputsa kuti ndi kuceza cabe, koma umboni ulipo. Ku Harare m'dziko la Zimbabwe, kumene nthendayi amaicha kufungisisa, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo akazi kukhala pa benchi kunja kwa kiliniki ndi kuthandiza odwala kusanthula mabvuto ao limodzi-limodzi. Nchitoyi ichedwa Friendship Bench. Zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2016 zinaonetsa kuti patapita miyezi 6, mwa odwala amene anakhala pa benchi ndi agogowo 14 mwa 100 ali onse ndiwo anali akali ndi zizindikiro za nthendayi, pamene mwa amene analandira cithandizo ca masiku onse anali 50.

Caciwiri ndi mankhwala, monga fluoxetine ndi amitriptyline, kwa amene nthenda yakula. Pali zinthu zinai zofunika kudziwa. Mankhwalawa sagwira nchito tsiku lomwelo ngati Panadol. Pamapita milungu iwiri mpaka 6 munthu asanaone kusintha. Masiku oyamba angabweretse nseru, kuuma m'kamwa, tulo kapena kusakhazikika, ndipo zambiri mwa izi zimatha. Munthu akapeza bwino apitirize kumwa kwa miyezi 6 kapena kupitirira monga auzidwira, cifukwa kuleka msanga kumabweza nthenda, ndipo poleka amacepetsa pang'ono-pang'ono. Cotsiriza, m'milungu yoyamba banja liyang'anire wodwala kwambiri, makamaka wacinyamata, ndipo ngati anakambapo za kudzipha wacibale ndiye asunge mankhwalawo ndi kumupatsa a tsiku limodzi-limodzi. Mtundu umodzi ukakana, dokotala amasintha nayesa wina.

Kunyumba, wodwala athandizidwe kudzuka ndi kugona pa nthawi yake, kudya ndi anzake, kuyenda pang'ono tsiku liri lonse ndi kuleka mowa. Apatsidwe nchito zazing'ono zimene angakwanitse, monga kuthirira dimba kapena kuperekeza mwana ku sukulu. Wofuna wokamba naye mwamsanga angaimbe lamya yaulere ya Lifeline pa 933, ndipo ana ndi acinyamata pa Childline 116.

KAKAMBIDWE KA IMFA YA MUNTHU WOCHUKA

Pali cifukwa cina cosamalira mau pa nthawi yotere. Pamene Robin Williams, katswiri wa mafilimu oseketsa wa ku America, anadzipha mu August 2014, ofufuza a pa Columbia University anapeza kuti m'miyezi isanu, kuyambira August mpaka December, ciwerengero ca odzipha m'dzikolo cinakwera ndi pafupi-fupi 10 pa 100 kuposa cimene cinali kuyembekezeka. Ku Germany nakonso ofufuza anaona kukwera pambuyo pa imfa ya Enke. Munthu amene ali kale m'mabvuto akamva tsatane-tsatane wa imfa ya munthu amene anali kumusirira, angatengere. Cotero si bwino kufotokoza njira imene munthu anadziphera, kutumizirana zithunzi pa WhatsApp ndi Facebook, kapena kukamba kuti wapumula ndipo wathana nawo mabvuto. Si bwinonso kunyoza wakufayo kapena kusala banja lake. Ofedwa mwa njira imeneyi amadziimba mlandu kwambiri, ndipo iwonso amakhala pa ngozi. Afunika kucezeredwa ngakhale maliro atatha.

ENA ANAULULA NDIPO ANACIRA

Gianluigi Buffon, goalkeeper wa Italy, anadwala nthenda yomweyi pakati pa 2003 ndi 2004. Anaonana ndi katswiri wa maganizo, anacira, ndipo mu 2006 ananyamula cikho ca World Cup. Andrés Iniesta wa ku Spain anadwala mu 2009, caka comwe Enke anafa, ndipo nthendayo inakula pambuyo pa imfa yadzidzidzi ya bwenzi lake Dani Jarque. Iye anauza a m'banja lake ndi madokotala a timu, nalandira cithandizo. Pa 11 July 2010 ku Johannesburg, pa mpikisano umene Enke anayenera kusewera, Iniesta ndiye anamwetsa cigoli cimene cinapatsa Spain cikho. Teresa Enke naye sanakhale cete. Kuyambira mu 2010 watsogolera bungwe lochedwa ndi dzina la mwamuna wake, limene liphunzitsa anthu za nthendayi ndi kuthandiza osewera kupeza cithandizo msanga.

M'nyumba zambiri za m'makomboni muli munthu amene wasiya kudya bwino, amene amakhala maso usiku wonse, ndipo akafunsidwa amangoti ali bwino. Banja limene laona zimenezi kwa milungu iwiri lisadikire kuti zidzatha zokha. Wina akhale naye pansi lero lomwe, amufunse mosabisa mau, ndipo m'mawa apite naye ku kiliniki.